Kuchokera pa sileti kufika pa mphaka wa Scratch

Dr Robert Laws atasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, Atonga a m'mbali mwa nyanja anaithamangira sukulu. Zida zinali zochepa: bolodi, mabuku angapo ndi sileti. Ubwino wa sileti unali woti mwana akalakwa ankangofufuta n'kuyambiranso, opanda womukalipira kuti wawononga pepala.

Amene anayamba kuphunzitsa ana kulamula kompyuta ankafunanso chida chosaopsa kulakwirapo. Mu 1967 Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria, ndi anzake Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon anapanga chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Logo. Mwana ankalemba lamulo, kamba wa pa kompyuta n'kuyenda akujambula mzere. Koma akaphonya chilembo chimodzi chokha, kambayo sankasuntha.

Scratch, yomwe gulu la Mitchel Resnick linatulutsa ku yunivesite ya MIT mu 2007, inathetsa vutoli. Malamulo ake ali m'timabokosi tamitundumitundu tomwe mwana amakoka n'kulumikiza. Kabuluu kamayendetsa mphaka wa pa kompyuta mapazi 10, kalalanje kamabwerezabwereza zimene zaikidwa m'mimba mwake, ndipo mwana akadina kambendera kobiriwira zonse zimayamba. Kabokosi kosayenera malowo sikalowa n'komwe. Google inabweretsa Blockly, yogwiritsanso timabokosi totere, mu 2012, ndipo ScratchJr, ya ana a zaka 5 mpaka 7, inatuluka mu 2014.

Kwathu kuno zinthuzi zinayambira m'tauni. Rachel Sibande anakhazikitsa mHub ku Lilongwe mu 2013, malo amene akhala akuphunzitsa ana ndi atsikana kupanga mapulogalamu. Chaka chomwecho matabuleti a bungwe la onebillion anayesedwa pa pulayimale ya Biwi, ndipo mu 2023 boma linayamba kuwafalitsa m'masukulu kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, akuyendera magetsi adzuwa. Ndi abwino ndithu, koma amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu: makina ndiwo amafunsa, mwana n'kuyankha. Mu Scratch wolamula ndi mwanayo.

Kwa mwana wa ku Chintheche, intaneti si chopinga chachikulu, popeza Scratch ikalowetsedwa m'kompyuta imagwira ntchito popanda netiweki. Chovuta n'chilankhulo. Kunyumba amalankhula Chitonga, m'kalasi amakumana ndi Chichewa, pa timabokosi n'kupezapo Chingerezi. N'chifukwa chake mphunzitsi wa kumeneko angachite bwino kuyamba ndi ScratchJr, yomwe timabokosi take tili ndi mivi ndi zithunzi m'malo mwa mawu.