Kudalirana kwa Zipangizo M'lamya ndi M'kompyuta: Mmene Linux Imadziwira Coyamba Kudzutsa

Munthu akakanikiza batani loyatsira lamya ya m'manja, pamapita kanthawi galasi lisanaonetse zonse. Pa nthawi imeneyi pulogilamu yaikulu ya mkati, yochedwa kernel, imakhala ikudzutsa zipangizo za m'lamyamo cimodzi ndi cimodzi. M'malamya a Android, amene ndi ambiri mwa malamya ogulitsidwa m'dziko lathu lino la Zambia, kernel imeneyi ndi Linux, imene a Linus Torvalds anayamba kulemba m'caka ca 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, m'dziko la Finland.

Cipangizo ciliconse, kaya ndi kamera, galasi kapena cotulutsa mau, cimayendetsedwa ndi kapulogilamu kake kochedwa driver. Kernel ikapeza cipangizo, imaitana driver wake kuti aciyese ndi kuciyatsa. Bvuto ndi lakuti zipangizo siziima pazokha. Kamera imafuna magetsi ocokera ku kacipangizo kogawa mphamvu ya batire. Imafunanso kacipangizo kena kopereka kugunda kwa nthawi, ndiponso nthambo yolankhulirana ndi processor, monga ija yochedwa I2C. Driver wa kamera akafika zimenezi zisanakonzeke, amalephera, ndipo mwini lamya amapeza kuti kamera siigwira nchito ngakhale kuti palibe cimene caonongeka. Pogoneka makina, dongosolo liyenera kutembenuzidwa: kamera izime coyamba, copereka magetsi cizime pambuyo. Dongosolo likasokonezeka, lamya imauma, kapena kompyuta ya laputopu imakana kudzuka itatsekedwa civindikiro.

Linux 2.6, imene inatuluka mu December 2003, inabwera ndi njira yosanjira zipangizo zonse monga mtengo wa banja. Cipangizo ciliconse cili ndi kholo limodzi. Flash disk ndi mwana wa colowetsera ca USB, ndipo colamulira USB ndi mwana wa nthambo yaikulu ya PCI. Kholo limalembedwa pa mndandanda mwana asanalembedwe, conco kernel podzutsa makina imatsata mndandandawo kucokera pamwamba, ndipo pogoneka imayambira pansi. M'makompyuta a pa thebulo njira imeneyi inali yokwanira pa zinthu zambiri.

Koma m'lamya pafupifupi zonse zimaumbidwa pa chip imodzi, ndipo cibale cake cimafanana ndi ca m'mudzi waukulu, mmene munthu sadalira makolo ake okha koma apongozi, alamu ndi anansi omwe. Kholo la kamera ndi nthambo ya I2C, koma copereka magetsi cili ku nthambi ina ya mtengowo, ndipo mtengo sunena ciliconse pa za ubale umenewu. Kwa zaka zambiri olemba mapulogilamu anali kungosintha malo a driver pa mndandanda womangira kernel, kapena kumuika m'gulu loyamba msanga. Zimenezi zikathandiza makina a kampani imodzi, nthawi zina zinali kusokoneza makina a kampani ina. Pamene akatswiri a ma processor a ARM anayamba kufuna kuti kernel imodzi iziyenda pa makina osiyanasiyana, njira yongoyerekezayi inafika pothera.

Mankhwala oyamba anabwera m'caka ca 2012 mu Linux 3.4, ndipo anakonzedwa ndi a Grant Likely. Driver akapeza kuti cimene akufuna sicinakonzeke, amabweza yankho lapadera lochedwa EPROBE_DEFER, limene nambala yake ndi 517. Tanthauzo lake ndi lakuti kernel idzamuitanenso pambuyo pake. Cipangizoco cimaikidwa pa mzere wa odikira, ndipo nthawi iliyonse driver wina akayamba bwino nchito, onse a pa mzerewo amayesedwanso. Ubwino wa njirayi ndi kuphweka kwake, pakuti kernel sifunika kudziwiratu kuti ndani adalira ndani. Koma ili ndi zofooka. Cipangizo cimodzi cikhoza kuyesedwa kangapo cisanayambe, ndipo zimenezi zimacedwetsa kuyaka kwa makina. Coipa kwambiri, ngati codikiridwaco sicibwera konse, cipangizo cimakhala pa mzere mwakacetecete. N'cifukwa cake pambuyo pake anaonjezera faelo yochedwa devices_deferred, imene katswiri amawerenga kuti aone amene atsalira pa mzere. Kuonjezera apo, njirayi imasamala za kuyamba cabe. Sinena cimene ciyenera kucitika ngati driver wa copereka magetsi acotsedwa kamera ikali kugwira nchito.

Yankho lokwanirapo linabwera mu Linux 4.10, mu February 2017. A Rafael Wysocki, katswiri wa kampani ya Intel amene amayang'anira za kasamalidwe ka magetsi mu Linux, anakonza njira yochedwa device links. Apa ubale umalembedwa poyera: cipangizo cimodzi ndi copereka, cina ndi colandira. Ubalewo ukalembedwa, kernel siyesa colandira copereka cisanakonzeke. Pogoneka makina, colandira cimagona coyamba, ndipo podzuka copereka ndico cimatsogola. Driver wa copereka akamacotsedwa, kernel imayamba yamasula colandira. Ubalewo ukhozanso kulamula kuti copereka cizikhala coyaka pa nthawi yokhayo imene colandira cikugwira nchito, cinthu cimene cimapulumutsa batire.

Citsanzo comveka cili m'malaputopu amene ali ndi chip yaciwiri ya zithunzi. Chip imeneyi imakhalanso ndi mbali yotumiza mau pa nthambo ya HDMI. Kwa kernel, mbali ya zithunzi ndi mbali ya mau zimaoneka ngati abale awiri a mimba imodzi, opanda wamkulu. Koma magetsi a mbali ya mau amadalira mbali ya zithunzi, kotero kuti ya zithunzi ikazimitsidwa kuti batire lisathe, ya mau nayonso imafa. Ubale wolembedwa umauza kernel kuti idzutse ya zithunzi isanakhudze ya mau. Pali lamulo limodzi losasinthika: kernel imakana ubale wozungulira, umene cipangizo coyamba cidikira caciwiri pamene caciwiri cidikira coyamba, pakuti onse awiri akhoza kudikirana mpaka kale-kale.

Funso lotsala linali lakuti, kodi ndani adzalemba maubale onsewa? Poyamba inali nchito ya driver aliyense, koma driver sangalembe ciliconse asanaitanidwe. A Saravana Kannan, amene anali kugwira nchito ya Android ku kampani ya Google, anaona kuti zambiri zinalembedwa kale mu device tree, cikalata cimene opanga makina amafotokozamo zipangizo zonse ndi kumene ciliconse cimatenga magetsi ndi kugunda kwa nthawi. Anakonza njira yochedwa fw_devlink, imene imawerenga cikalataco ndi kumanga maubale driver aliyense asanayambe. Atayesa koyamba kuiyatsa kwa onse, anaibweza cifukwa makina ena analephera kuyaka. Inakhazikika m'caka ca 2021 mu Linux 5.13.

Nchito imeneyi inathandizanso pa bvuto lina lakale. Pulogilamu yoyatsa lamya, imene imayenda kernel isanayambe, imasiya magetsi a galasi oyaka kuti cizindikiro ca kampani cioneke. Kernel ikamaliza kuyamba, imazimitsa magetsi onse amene palibe driver wanena kuti akuwafuna. Ngati driver wa galasi wacedwa kufika, galasi limada mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina lamya yonse imauma. Tsopano pali njira yochedwa sync_state, yolola copereka kudikira mpaka onse ocidalira atafika cisanazimitse zosagwiritsidwa nchito.

Maubale ozungulira akalipobe m'makina enieni. Colamulira galasi ndi galasi lenileni, mwacitsanzo, zimachulana mu device tree, ciliconse kuloza cinzace. Njira ya fw_devlink ikapeza mzungulire wotere, sikakamiza dongosolo lililonse pakati pa zipangizozo. Imazisiya kuti zikonzane zokha mwa njira ija ya m'caka ca 2012, yobweza nambala 517 ndi kudikira pa mzere.