Mlendo ndi Mame: Phunziro la Mzinda wa Zomba

Tikaima pamwamba pa phiri la Zomba, pamalo paja padaima Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia m'chaka cha 1965, timaona mbiri ya mzinda wathu itayalidwa poyera. Nyumba zikuluzikulu zakale zabisala m'mitengo m'mbali mwa phiri, pakati pali bwalo lobiriwira la gofu la Gymkhana, ndipo kumunsi, cha ku mtsinje wa Likangala, kuli Mpondabwino ndi Chikanda kumene anthu adathithikana ngati njere m'chitsononkho.

Izitu sizidangochitika zokha ayi. Pamene Harry Johnston adaika likulu la boma ku Zomba m'chaka cha 1891, Azungu adakonza mzindawu monga kudawakomera iwowo. Masewera awo adapeza malo abwino, koma eni nthaka, amene ankatchetcha udzu ndi kunyamulira osewerawo matumba, sadafunsidwe kanthu. Ulamuliro wa Azungu udatha mu 1964, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma mizere imene adalemba ija tikukhalamo mpaka lero.

Tsono nafenso tidayamba kumanga mabwalo ndi kulandira alendo. Bwalo la Bingu ku Lilongwe lidatsegulidwa mu 2017, ndipo mu Disembala 2022 mzinda womwewo udachereza achinyamata a maiko a kumwera kwa Afrika pa masewera aakulu. Tidanyadira ndithu. Komabe sitingaiwale kuti pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa pothinana pachipata cha bwalo latsopanolo. Kuno ku Zomba, ntchito yosandutsa bwalo lakale la Community kukhala sitediyamu idatenga zaka zambiri, kotero kuti timu ya Red Lions inkachita kukalandirira alendo ake kwa eni, ndipo ana adasowa pomenyera mpira.

Phunziro lake n'lakuti tisanakumbe maziko, tiyambe takhala pansi ndi anthu okhala pafupi. Madzi a mvula ochokera pa madenga ndi poimika magalimoto adzalowera kuti, kupatula m'nyumba za kumunsi? Madzi akumwa a damu la Mulunguzi adzakwanira bwanji khamu ngati mitengo ya m'phiri ikutha? Amayi ogulitsa mandasi ndi chimanga chootcha adzaima pati? Nanga masewera akatha, chipata chidzatsegukira ana asukulu kodi? Mayankho a mafunso otere sali pa pepala la mmisiri pokha. Ali kwa mafumu, aphunzitsi ndi agogo amene akudziwa pamene Likangala amasefukira.

Pajatu akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masewera amatha m'masabata awiri, koma bwalo, ngongole ndi ngalande zimatsalira ife ndi zidzukulu zathu. Tisachitire anzathu zimene atsamunda adachitira makolo athu: powakonzera malo osawafunsa.