Kusoka zovala zokhalira pakhomo ndi nsalu yotamuka

Mukaweruka kumunda kapena kumsika, thupi limafuna covala cofewa, coti mungakhale naco pamphasa, kuwerama naco, ngakhale kugona naco. Zovala zotere zimasokedwa ndi nsalu yotamuka, ija ya tisheti. Mukhoza kusoka nokha pakhomo buluku, kabudula kapena tisheti yokukwanani bwino. Koma nsalu imeneyi ili ndi khalidwe lake. Mukaisoka ngati kapulana, ulusi umaduka tsiku loyamba lomwe, ndalama n'kupita pacabe. Werengani pang'onopang'ono, mudziwe mmene mungaigwirire.

Nsalu yotamuka ndi yotani?

Tengani kapulana muyang'ane pafupi. Muona ulusi wina ukupita m'litali, wina ukudutsa m'mbali, mopingasana ngati nsungwi za licero. Mukaikoka, siyenda ayi.

Tsopano tengani tisheti. Ulusi wake ndi wolukidwa timphete ting'onoting'ono, tokolana ngati unyolo. Ndi mmene amalukira juzi, kungoti ulusi wake ndi wocepa kwambiri. Mukakoka, timphete tija timatseguka. Mukasiya, timabwerera. N'cifukwa cake nsaluyi imatamuka. M'sitolo, pa Cipwitikizi, dzina lake ndi malha.

Kumbukirani zinthu zitatu. Coyamba, imatamuka kwambiri m'mbali kuposa m'litali. Caciwiri, mukaidula siyoyoka ulusi ngati kapulana. Cacitatu, yopyapyala imadzipinda m'mphepete. Musadabwe nazo, ndi mmene ilili.

Mitundu yake

Pali ya tisheti, yopyapyala ndi yopepuka. Kumaso kwake kuli timizere tooneka ngati cilembo V, kumbuyo kuli timizere topingasa. Ndi yabwino m'malo otentha ngati mumzinda wa Tete.

Pali yokhuthala, yofewa mkati ngati ubweya. Imeneyi imathandiza m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, makamaka kumalo okwera ngati Angónia ndi Lichinga.

Palinso ya mizere yotukuka, imene mumaiona pakhosi pa tisheti ndi kumapeto kwa manja a juzi. Imatamuka kwambiri. M'sitolo amati malha canelada.

Onaninso ulusi umene anapangira. Nsalu ya thonje imamwa thukuta, koma imafupika ikacapidwa. Ya poliyesita imauma msanga ndipo imalimba, koma imatentha m'thupi. Pa kacikwangwani ka covala, mawu akuti algodão akutanthauza thonje. Mukaona elastano, ndiye kuti muli ulusi wonga mphira, wothandiza nsalu kubwerera m'malo mwake.

Yesani musanagule

Pitani kumsika ndi tepi yoyezera. Pindani nsalu pang'ono, gwirani masentimita 10 pakati pa zala zanu, ndiye mukoke m'mbali mosakakamiza. Ikafika pa 12 kapena 13, ikwanira buluku kapena tisheti yomasuka. Ikafika pa 15 kapena kupitirira, mukhoza kusokera cothina, ngakhale kansalu ka pakhosi. Kenako isiyeni. Ikabwerera pa 10, ndi yabwino. Ikatsala yotambasuka, isiyeni pomwepo, cifukwa buluku wake adzatupa m'mawondo sabata isanathe.

Nsalu yatsopano nthawi zambiri imakhala ya masentimita 150 m'lifupi. Buluku wa munthu wamkulu amafuna mita imodzi ndi theka, tisheti ya manja aafupi mita imodzi.

Ndalama zikacepa, pitani pa kalamidade, ena amati kaunjika. Sankhani matisheti aakulu kwambiri. Imodzi yaikulu imatulutsa kabudula wa mwana, ndipo mpendero wake ndi wosokasoka kale. Iyang'aneni padzuwa kuti muone timabowo.

Zipangizo

Mufunika sizasi yakuthwa, tepi, coko, mapini, pepala lalikulu, lasitiki, ulusi ndi singano.

Singano ndiye nkhani yaikulu. Singano wamba wa makina ndi wosongoka kwambiri. Amatha kudula timphete ta nsalu, pamsoko n'kubooka timabowo. Funani singano wa nsonga yobulungira, amene amadutsa pakati pa timphete osadula. Pa kapaketi kake amalemba Jersey kapena Stretch. Nambala 75/11 kapena 80/12 ndi ya nsalu yopyapyala, 90/14 ndi ya yokhuthala. Pokagula, tengani singano wakale wa makina anu, cifukwa singano wa makina a pakhomo ndi wosiyana ndi wa makina aakulu a m'fakitale.

Ulusi ukhale wa poliyesita. Umalolera kukokedwa pang'ono, pamene wa thonje umaduka msanga.

Capani kaye

Musadule nsalu yosacapa. Icapeni, iume, kenako muiyale pa tebulo kapena pamphasa yoyera kuti ipume. Mukadumpha zimenezi, buluku amene anakukwanani lero adzafika m'katumba mukangomucapa kamodzi.

Kujambula ndi kudula buluku

Yambani ndi buluku wa lasitiki, cifukwa alibe zipi kapena mabatani.

1. Tengani buluku wakale amene amakukwanani bwino. Mupindeni pakati, miyendo igonane, kutsogolo kukhale kunja. Kokani nsonga ya pakati pa miyendo ituluke bwino.

2. Muyaleni papepala. Wina akuthandizeni kutambasula lasitiki wa m'ciuno pamene mukujambula. Mukapanda kutero, buluku watsopano sadzadutsa m'matako.

3. Mupindeni kwinako, mujambule kumbuyo papepala lina. Muona kuti cidutswa ca kumbuyo ndi cacikulu ndiponso cacitali m'ciuno kuposa ca kutsogolo. N'momwemo, musacifupikitse. Lembani papepala lililonse: KUTSOGOLO, KUMBUYO.

4. Onjezani sentimita 1 m'mbali monse, ya msoko. Onjezani masentimita 4 m'ciuno, a njira ya lasitiki, ndi 2 kumapazi, a mpendero.

5. Pindani nsalu pawiri. Ikani mapepala kuti mbali yotamuka kwambiri izungulire thupi, kutanthauza kuti utali wa mwendo utsate utali wa nsalu. Nsalu isalendewere kumapeto kwa tebulo, cifukwa imadzikoka yokha n'kupotoka.

6. Tsikizani mapepala ndi timiyala toyera, jambulani ndi coko, dulani. Mukhala ndi zidutswa 4, ziwiri za kutsogolo ndi ziwiri za kumbuyo.

Msoko uyenera kutamuka

Nsalu ikamatamuka koma msoko osatamuka, ulusi umaduka. Ndiye onani makina amene muli nawo.

Ngati makina anu ali ndi zigizagi, ikani yopapatiza: m'lifupi milimita 1 kapena 1,5, m'litali 2,5. Musakoke nsalu, ingoiwongolani basi.

Makina ambiri opalasa ndi mapazi kapena opukusa ndi dzanja, monga Singer ndi Butterfly akale aja, amangosoka msoko wowongoka. Musataye mtima. Talikitsani msoko ufike mamilimita 3. Gwirani nsalu kutsogolo ndi kumbuyo kwa singano, muitamule pang'ono mofanana, makina aziyendetsa okha. Mukaisiya, ulusi umatsala ndi mpata wotamukira. Bwerezani mzere waciwiri pafupi ndi woyamba kuti ulimbe.

Ngati mulibe makina, sokani pamanja. Gwiritsani msoko wobwerera m'mbuyo, uja wolowetsa singano pamene panathera ulusi woyamba. Musamangitse ulusi kwambiri.

Musanayambe covala, yesani pa kacidutswa kotsala. Sokani, ndiye mukoke mwamphamvu. Mukamva kuti "thu", ulusi waduka. Masulani ulusi wa pamwamba pang'ono, yesaninso.

Kulumikiza buluku

1. Gonekani cidutswa ca kutsogolo pa ca kumbuyo, kumaso kuyang'anane. Sokani mbali ya kunja ndi ya mkati mwa mwendo. Citani cimodzimodzi ndi mwendo winawo. Onetsetsani kuti mwapanga wa kumanja ndi wa kumanzere, osati iwiri yofanana.

2. Tembenuzani mwendo umodzi, muulowetse mwa unzake, kumaso kuyang'anane. Misoko ya mkati ikumane.

3. Sokani msoko wokhota uja, kucokera m'ciuno kutsogolo mpaka m'ciuno kumbuyo. Apa sokani kawiri, cifukwa ndi pamene pamang'ambika munthu akanjuta.

4. Pindirani mkati masentimita 4 m'ciuno. Sokani kuzungulira pafupi ndi m'mphepete, koma siyani kakhomo ka masentimita 3.

5. Tengani lasitiki wa masentimita 2,5 m'lifupi. Muzungulizeni m'ciuno mwanu mpaka agwire bwino koma osapweteka. Onjezani masentimita 2, dulani.

6. Kolani pini wotseka kunsonga, lowetsani pa kakhomo kaja, muyendetse mpaka atulukire. Onani kuti sanapotoke. Sanjikizani nsonga ziwirizo, sokani kangapo, tsekani kakhomo.

7. Valani, onani utali, pindani kumapazi kamodzi, sokani. Buluku watha.

Kabudula amasokedwa cimodzimodzi, kungofupikitsa miyendo.

Khosi la tisheti

Tisheti mumaijambulanso kucokera ku yakale. Pobvuta ndi pakhosi pokha. Mukasoka mapewa, yezani bowo la khosi kuzungulira. Kansalu ka pakhosi kayenera kufupikirapo, apo ayi khosi limayasama. Pa masentimita 10 aliwonse, cotsani 1,5. Bowo likakhala 50, kansalu kakhale pafupifupi 43. Onjezani 2 a msoko, dulani 45 m'litali ndi 5 m'lifupi. Utali wake utsate mbali yotamuka kwambiri.

Lumikizani nsonga zake kakhale ngati nkhata, kenako kapindeni pawiri m'litali. Gawani nkhatayo panayi ndi mapini. Gawaninso bowo la khosi panayi. Mapini akumane. Posoka, tamulani kansalu kokha kuti kafanane ndi bowo. Tisheti yeniyeniyo musaikoke.

Kuti mapewa asatambasuke, ikani kalamba kopapatiza ka kapulana mkati mwa msoko wa paphewa, musokere limodzi.

Kukongoletsa

Covala ca pakhomo nacho ciyenera kuoneka bwino, mlendo sagogoda tsiku lodziwika. Sokani buluku ndi tisheti za mtundu umodzi, muike thumba la kapulana pacifuwa kapena m'mbali. Koma kapulana satamuka, conco musamuike pakhosi kapena m'ciuno. Mucapeni kaye payekha kuti asadzasulukire pa covala. Mukhozanso kusoka manja ndi nsalu ya mtundu wina. Apa zidutswa za kalamidade zimagwira nchito.

Zikabvuta

Makina akamadumpha msoko, kawirikawiri ndi singano. Ikani watsopano wobulungira.

Makina akamameza nsalu poyambira, yalani kapepala kopyapyala pansi pa nsalu, sokani pamodzi, kenako mukang'ambe.

Mpendero ukamaoneka ngati mafunde, ndiye kuti munakoka kwambiri. Yalani kansalu konyowa pamwamba, dindani ndi simbi osakhwekhwereza.

M'mphepete mukamadzipinda, panani ndi mapini ambiri.

Kusamala covala ndi kudzisamala

Pocapa musafinye mopotoza kwambiri. Poyanika, cipindeni pakati pa cingwe. Mukacipacika ndi mapewa cili conyowa, madzi amacikoka n'kutalika. Musayanike pansi kapena pa udzu, cifukwa pali nchenche imene imaikira mazira pa zovala, mphutsi zake n'kulowa m'khungu. Kusita kumapha mazirawo. Koma simbi ya makala isatenthe kwambiri pa poliyesita. Yalani kapulana pamwamba, musite pamenepo.

Cenjerani ndi moto. Poliyesita akagwira moto amasungunuka n'kumata pakhungu, bala lake limakhala loipa. Nsalu ya thonje yopyapyala nayo imayaka msanga. Conco zovala za ana ndi za munthu wophika zisakhale ndi manja olendewera. M'nyengo yozizira, yang'anirani ana akamaotha moto.

Lembani m'kope

Khalani ndi kope la kusoka. Lembani dzina la munthu, muyeso wa m'ciuno, wa m'matako ndi utali wa mwendo. Lembaninso mametikali amene mwagulira nsalu, ulusi ndi lasitiki. Mapepala ojambula aja asungeni pouma. Mnansi akadzati, "Amayi, mundisokereko ngati wanuyo," mudzangotsegula kope, n'kudziwa nsalu yofunika ndi mtengo woti muchule osaluza.

Yambani ndi kabudula wa mwana kucokera ku tisheti imodzi yakale. Amafuna nsalu yocepa, ndipo njira zonse za buluku wamkulu muziphunzira pomwepo.