Wodziwa za Mumtima: Mbiri ya Funso Lakale ku Chia

Nyanja yaing'ono ya Chia ili kummwera kwa tauni ya Nkhotakota, ndipo madzi ake amalumikizana ndi Nyanja ya Malaŵi kudzera pa kamtsinje kopapatiza. Asodzi a kumeneko, ena Asilamu ena Akhristu, amapalasa mabwato m'madzi amodzi. Koma pali funso limene lawasiyanitsa kwa zaka zoposa 100: kodi Yesu ndi mneneri chabe, kapena ndi Mulungu?

Chisilamu ndicho chidayamba kufika m'derali. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota nayamba malonda a minyanga ndi akapolo. Jumbe wotsiriza adachotsedwa pampando ndi Angerezi mu 1894, ndipo m'chaka chomwecho Arthur Fraser Sim wa mishoni ya UMCA adayamba ntchito kumeneko. Sim adamwalira mu 1895. M'chaka chomwechonso Bishopu Chauncy Maples adamira panyanja, naikidwa ku Nkhotakota.

Amishoni otsatira pambuyo pao adapeza anthu odziwa kale za Isa mwana wa Mariamu, omulemekeza ngati mneneri wochiritsa akhungu ndi akhate. Motero zozizwitsa pazokha sizidali nkhani yotsutsana. Umboni wina umene Akhristu akhala akupereka kuyambira kale ndi wakuti Yesu ankadziwa zobisika. Uthenga wa Yohane umasimba kuti adaona Natanayeli pansi pa mkuyu asanakumane naye, ndiponso adaululira mai wa ku Samariya mbiri ya maukwati ake. Luka amasimba za asodzi ochezera usiku wonse osapha kanthu, amene Yesu adawauza poponya makoka. Mateyu amanena za ndalama imene Petro adauzidwa kuti akaipeza m'kamwa mwa nsomba. Msodzi wa ku Chia amadziwa kuti za pansi pa madzi sazitchula motsimikiza ngakhale katswiri.

Komabe Qur'an nayonso, m'sura yachitatu, imavomereza kuti Isa ankauza anthu zimene amadya ndi zimene asunga m'nyumba zao. Asilamu amati zimenezi adazichita mwa chilolezo cha Allah. Achewa naonso adali ndi oombeza ula, amene ankaulula zobisika mothandizidwa ndi mizimu. Choncho mtsutso weniweni sudali pa kudziwa kokha ai, koma pa gwero lake: kodi nzeruzo zidali zobwereka, kapena zakezake? Akhristu amayankha kuti mneneri amadziwa chokhacho chimene wauzidwa, pamene Yesu ankadziwa za mumtima mwa munthu popanda womuuza, chinthu chimene Chipangano Chakale chimati nchotheka kwa Mulungu yekha.

Pali mfundo imodzi imene yavutitsa Mpingo weniweniwo. Pa Marko 13:32 Yesu akunena kuti tsiku lomaliza ngakhale Mwana salidziwa, koma Atate okha. Otsatira a Arius wa ku Alexandria adagwiritsa mauwa pokana kuti Mwana ndi wofanana ndi Atate. Msonkhano wa ku Nicaea mu 325 udakana chiphunzitso cha Arius, ndipo wa ku Chalcedon mu 451 udagamula kuti Khristu ndi mmodzi, Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni. Potsata zimenezi Mpingo umati monga Mulungu amadziwa zonse, koma monga munthu adakula m'nzeru ngati mwana aliyense. Kwa Msilamu, vesi lomwelo ndi umboni wakuti Isa adali mtumiki.

Funsoli silidathe. Lachisanu ena amapita ku mzikiti kukachitira umboni kuti Mulungu sadabereke ndipo sadaberekedwe. Lamulungu ena amanena Chikhulupiriro cha ku Nicaea m'tchalitchi. Lolemba m'bandakucha onse amakankhira mabwato ao pa madzi a Chia.