Za Ngalawa Zimene Zinadza M'zidutswa

Ku dziko la Amereka kuli anthu amene akonda kudzimangira galimoto pakhomo pao. Mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1930, pamene anyamata a ku California anali kutenga magalimoto akale a Ford, nacotsa zitsulo zolemera, naikamo injini yamphamvu kuti athamange koposa. Pambuyo pace amalonda anayamba kugulitsa galimoto yosamanga, ziwalo zace ziri m'mabokosi, kuti mwini alumikize yekha. Wina angayese kuti nzeru yotere iri kutali ndi ife. Koma munthu woima pa mcenga wa ku Chikale, napenya ngalawa irikulowa pa doko la Nkhata Bay, aona cinthu cimene cinamangidwa mwa njira yomweyo. Pakuti Nyanja yathu iri pakati pa dziko, ndipo pa Shire pali mathithi amene ngalawa siingathe kukwera. Cifukwa cace ngalawa zacitsulo zimene makolo athu anaziona zinafika m'zidutswa.

Yoyamba inali Ilala, ya mapazi 48 m'litali mwace, imene anaipanga ku London, naicha dzina la dziko limene anafera David Livingstone m'caka ca 1873. M'caka ca 1875 Edward Young ndi Dr. Robert Laws ndi anzao anailumikiza pa matsiriro a Zambezi, nakwera nayo mtsinje, nalowa m'Shire. Pofika pa mathithi anaimasulanso. Mafumu a Amakololo anasonkhanitsa amtengatenga mazanamazana, ndipo iwo anasenza zitsulozo pamutu mtunda wa mamailosi ngati 60, m'njira ya miyala ndi dzuwa lotentha. Ndipo taonani, pofika kumtunda sicinasowa cidutswa ngakhale cimodzi. Akadataya mmodzi katundu wace m'thengo, panalibe sitolo yogulako cina. Ulendo wonse ukadaima pomwepo. Ngalawayo inalowa m'Nyanja pa 12 October 1875, ndipo m'caka ca 1881 misyoni inasamuka ku Cape Maclear nikhazikika ku Bandawe, pakati pa Atonga.

Ina yomveka ndiyo Chauncy Maples, ya misyoni ya ku Likoma, yochedwa dzina la bishopu amene anamira m'Nyanja m'caka ca 1895. Imeneyi anaipanga ku Glasgow m'caka ca 1899, naigawa zidutswa 3,481. Mphika wace wa nthunzi, wolemera matani 11, sunatheka kugawika. Tsono anauika pa gareta, ndipo Angoni 450 anaukoka ndi zingwe, mamailosi atatu okha pa tsiku. Koma bvuto lalikuru linaoneka pamene katundu yense anafika kwa Mponda. Amisiri a ku Glasgow analemba nambala pa cidutswa ciri conse, kuti omanga adziwe cimene cigwirizana ndi cinzace. Koma pobviika zitsulo m'mankhwala oletsa dzimbiri, manambalawo anafafanizika. Omangawo anayesa citsulo ndi citsulo, bowo ndi bowo, kufikira zonse zinapeza malo ao. Ngalawayo inalowa m'madzi m'caka ca 1901. Anati akuru akale, kuona maso a nkhono nkudekha.

Musayese kuti kusamala kotere kuli kwacabe, pakuti Nyanja siseka ndi munthu. Asodzi a ku Chikale adziwa mwera, umo uutsira mafunde modzidzimutsa. Pa 30 July 1946 ngalawa yatsopano yochedwa Vipya inagubuduka m'namondwe pafupi ndi Florence Bay, ndipo anthu 145 anatayika. Maliro amenewo anamveka m'midzi yambiri ya m'mbali mwa Nyanja, ndipo anthu a kumpoto anatsala osowa ngalawa yokwanira.

Pamenepo anaitanitsa Ilala yaciwiri. Anaipanga a Yarrow ku Scotstoun, pafupi ndi Glasgow, m'caka ca 1949, naitumiza m'zidutswa pa nyanja yamcere kufikira ku Beira. Nthawi imeneyo amtengatenga anali atapuma, cifukwa ulalo wa pa Zambezi unatsirizika m'caka ca 1935, ndipo njanji inafika kunyanja. Zitsulo zinatsikira ku Chipoka, ndipo anazilumikiza ku Monkey Bay. Ngalawayo inayamba maulendo ace m'caka ca 1951. Kwa zaka zoposa 70 yanyamula anthu ndi cimanga, usipa ndi makalata, ana a sukulu ndi odwala, pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, niimanso pa Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Midzi ina ya kumeneko, yokhala patsinde pa mapiri otsetsereka, inalibe njira yina yabwino koma iyi.

Tsono, abale owerenga, m'mabuku a mbiri mupeza maina a akapitao ndi a iwo amene anapereka ndalama, koma maina a osenza zitsulo simuwapeza, ngakhale a iwo amene anagwira nyundo ndi kukhoma misomali. Komatu popanda iwo ngalawa zonse zija zikadakhala mulu wa zitsulo wocita dzimbiri pansi pa mathithi. Mutu umodzi susenza denga. Munthu wa ku Amereka amanga galimoto yace kuti akondwere nayo yekha, ndipo akaiwala msomali umodzi, tsoka ligwera iye mwini. Koma omanga ngalawa anagwira nchito imene miyoyo ya anthu osawadziwa inatsamira pa iyo.

Phunziro limeneli lifika ndi kwa ife. M'midzi mwathu mulowa zinthu zambiri zodza m'mabokosi: njinga, makina osokera, cigayo, mjigo wa madzi. Wolandira zotere asafulumire kutaya pepala la malangizo, asanyoze kacitsulo kakang'ono, ndipo asacite manyazi kufunsa mmisiri amene anayamba kale. Mwana amene apinda waya kuti apange galimoto yace yosewera musamdzudzule. Mpatseni waya wina, mumphunzitse kuyesa asanadule, pakuti mmisiri ayamba motero. Ndipo pakusimba mbiri ya Nyanja kwa ana anu, muwauze kuti agogo ao anasenza ngalawa pamutu, osataya kanthu.