Mbiri ya Kalembera wa Zomera za m'Phiri la Mulanje

Munthu akaima pa boma la Phalombe n'kukweza maso, amaona phiri la Michesi, ndipo kuseri kwa mpata wa Fort Lister kuli phiri la Mulanje. Anthu a kuno adadziwa zitsamba za m'mapiriwa kuyambira makedzana: ichi n'chochiza m'mimba, icho n'cha tsache, chinacho mbuzi siziyandikira. Nzeru zimenezi zinkasungidwa pakamwa. Zolemba zidayamba m'chaka cha 1891, pamene Alexander Whyte, katswiri wa zachilengedwe wogwira ntchito pansi pa Harry Johnston, adakwera phirili nathyola masamba ndi maluwa, kuziumitsa, ndi kuzitumiza ku London. Kumeneko mkungudza wathu adaupatsa dzina loti Widdringtonia whytei pokumbukira iye.

Kuyambira pamenepo maso a boma adali pa mkungudza, pakuti matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwadya. Ngakhale pamene phirili lidakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, chidwi chachikulu chidali pa mitengo yocheka. Zitsamba zinkaonedwa ngati tchire wamba lotsekereza njira. Kumeneku, m'kuona kwanga, kudali kulakwitsa, chifukwa mbande za mkungudza sizikula mu mthunzi wa nkhalango yowirira. Zimamera m'mphepete, pakati pa zitsamba zomwe anthu ankazinyozazo.

Amene adasintha kaonedwe kameneka ndi Jim Chapman, mkulu wa za nkhalango, yemwe mu 1962 adatulutsa buku lofotokoza zomera za m'phirili malinga ndi malo omwe zimapezeka, kuchokera m'tsinde kufika m'nsonga. M'zaka za m'ma 1980 Françoise Dowsett-Lemaire adayendanso m'nkhalangozo nalemba zomwe adapeza, ndipo mu 2006 Alison Strugnell adasonkhanitsa mndandanda wa mitundu yoposa 1,000 ya zomera za m'phirili. Ina mwa mitunduyo sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Wophunzira angafunse kuti, kodi kuwerenga chinthu chimodzimodzi kawirikawiri kuli ndi phindu lanji? Kalembera mmodzi amangotiuza zomwe zilipo. Awiri kapena atatu, otalikirana zaka, ndiwo amaulula chomwe chachoka ndi chomwe chalowerera. Umu ndi momwe zidaonekera kuti paini wa mtundu wa Pinus patula, amene atsamunda adadzala okha, wathawa m'minda yake n'kuyamba kupondereza zomera za eni nthaka, ndiponso kuti chitsamba chaminga cha Rubus ellipticus, chochokera ku Asia, chikufalikira. Ponena za mkungudza, kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Macheka, moto wa osaka nyama ndi nsabwe za m'mitengo zidaumaliza.

Ife amene tidaona napolo wa mu March 1991 sitiiwala zipsera zofiira zomwe adasiya pa Michesi. Zaka zotsatira ndinkatenga ana a sukulu kukaona momwe zipserazo zinkapolera: udzu poyamba, kenaka zitsamba, mitengo pambuyo pake penipeni. Ndimadandaula kuti sitidalembe maina ake m'kope chaka ndi chaka. Namondwe Freddy atang'ambanso mapiriwa mu March 2023, ndidalibe pepala ndi limodzi lomwe loti ndipatse mphunzitsi wachinyamata amene adadzandifunsa kuti chidayamba kumera n'chiyani nthawi ijayi.