KODI CITHUNZI CINGAPHIKITSE NSIMA?

Anzanga acinyamata, tsiku lina mukadzakwera basi yocokera ku Chipata kupita ku Katete kapena ku Sinda, mudzaponye maso pa zipupa za masitolo. Mudzaona zithunzi za mabotolo a zakumwa zozizira ndi za mabisiketi, koma mphika wa nyemba kapena wa ciwawa cotendera simudzauona. Amalonda adziwa kuti diso ndilo liyamba kudya, pakamwa pangotsatira. Maboma naonso anazidziwa kalekale zimenezi, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa ife a kuno ku Vubwi.

Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945, zombo zobweretsa cakudya ku Britain zinali kumizidwa panyanja, ndipo kuyambira m'caka ca 1940 anthu anali kugula cakudya mwa muyeso. Mbatatesi ndi makaroti ndizo zinali zosasowa, pakuti zinali kulimidwa konko. Pamenepo Unduna wa Zakudya unatulutsa cithunzi ca mbatatesi ya manja ndi miyendo, dzina lake Potato Pete, ndi ca karoti wonyamula cikwama ca dokotala, Doctor Carrot. Zithunzizi zinali kuyenda pamodzi ndi malangizo a kaphikidwe, kuti amene waseka nazo akafike pamoto ndi kuphika.

M'caka ca 1974, mitengo ya zakudya itakwera ku Sweden, kunatuluka cithunzi cina cosongoka ngati culu. Kunsi kwake kunali zakudya za tsiku ndi tsiku monga buledi, mbatatesi ndi mkaka. Kunsonga kunali nyama ndi nsomba. Dziko la America linatenga nzeru imeneyi mu 1992, koma mu 2011 linasiya culu nkujambula mbale. Anacita bwino, pakuti munthu aliyense adziwa mbale yake.

Nanga kwathu kuno? M'caka ca 1967, patangopita zaka zitatu cilandirire ufulu, boma la Zambia linakhazikitsa bungwe la National Food and Nutrition Commission kuti lilimbane ndi matenda a kusowa kwa zakudya m'thupi. Phunziro limene linafalikira m'zipatala ndi m'masukulu linali la magulu atatu: zakudya zopatsa mphamvu, zomanga thupi, ndi zoteteza ku matenda. Linali kujambulidwa pa mapepala akuluakulu omata pacipupa, kotero kuti ngakhale amayi osadziwa kuwerenga anali kuona cimanga, nshawa ndi masamba, nkumvetsa. Mu 2021 Unduna wa Zamalimidwe, mothandizana ndi bungwe la FAO, unatulutsa malangizo atsopano a magulu asanu ndi limodzi, ndipo tizilombo todyedwa monga inswa nato tinawerengedwa pamodzi ndi nsomba ndi nyama.

Koma taganizirani kumene zithunzi zimenezi zinamatidwa. Zambiri zinali kusikelo, kumene amayi apita kukapimitsa ana. Mnyamata wa zaka 20 akafunako ciani kusikelo? Cithunzi cinalankhula kwa amayi, ife cinatilambalala.

Ine ndinazindikira zimenezi ndili ku koleji. Ndinali ndi mbaula ndi poto, koma cakudya canga cinali zitumbuwa ndi botolo la cakumwa, cifukwa ndinali kuona ngati kugwira mthiko ndi nchito ya alongo anga. Ndalama zimene makolo anapeza atagulitsa nshawa zinali kutha mwezi usanafike pakati, ndipo m'kalasi ndinali kungosinza. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Anandipulumutsa ndi mnzanga wa cipinda cimodzi amene anandiphunzitsa kuvundula nsima ndi kukazinga kapenta.

Lero zojambulira zili m'manja mwathu. Foni imene mutumizira uthenga ingathenso kujambula cithunzi ndi kulembapo mau. Amene alibe foni ali ndi pepala, makala ndi coko. Mbiri yatiphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, jambulani cakudya cimene cipezeka kwanu: bondwe, therere, mfutso, nyemba, maungu. Caciwiri, mau akhale ocepa, a Cinyanja, ndipo anene kaphikidwe kake, monga nsinjiro zingati ndi nthawi yothira mcere. Cacitatu, ikani cithunzico kumene acinyamata asonkhana: pa bwalo la mpira, pa cigayo, pa msika, ndi m'magulu a WhatsApp. Ndipo pa cithunzipo pasakhale amayi okha. Pakhalenso mnyamata wogwira mthiko, wosacita manyazi.

Pa msonkhano wanu wa gulu ukudzawu, funsani amene adziwa kujambula aimirire, ndi amene adziwa kuphika aimirirenso. Awiriwo akhale pamodzi. Kenaka pitani kwa agogo mukafunse m'mene aphikira therere la cidulo, mulembe, mujambule, iwo akali moyo.